Atachimenti ya ku Zakynthos: Kulondera Mazira a Kamba Kuseri kwa Mabala

Mwezi wa June ukafika, kuno tili kalikiliki kufukula majuzi m'masutikesi, ku Greece dzuwa limakhala litayamba kuswa mtengo. Sukulu za ukachenjede za ku Ulaya zimatsekera, ndipo ophunzira zikwizikwi amabereka zikwama kulowera kum'mwera, kuzilumba za dzikolo. Si onse amapita kukasambira. Ambiri amakhala akupita ku atachimenti: ena kukhitchini ndi polandirira alendo m'mahotela, ena kukakumba mabwinja akale pamodzi ndi akatswiri a mbiri, ena kukasamalira zachilengedwe. Greece ili ndi zilumba pafupifupi 6,000, ngakhale kuti zokhala anthu ndi 227 zokha, ndipo chilichonse chili ndi chilimwe chakechake. Ku Zakynthos, wophunzira amadzuka kupita ku ntchito pa nthawi imene anzake a msinkhu wake akudzandira kuchokera kumowa, ndipo nthawi zina amakumana panjira.

Zakynthos, yomwe Angerezi ndi Ataliyana amaitcha Zante, ili m'nyanja ya Ionian, kumadzulo kwa dzikolo. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 406, moti Likoma angalowemo kopitirira ka 20, ndipo eni nthaka alipo pafupifupi 40,000. Wochokera ku Athens amakwera basi mpaka padoko la Kyllini, n'kuwoloka pa sitima ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Tauni yaikulu imaoneka yachilendo poyerekeza ndi ukale wake, chifukwa chivomezi cha mu August 1953, ndi moto umene unabuka pambuyo pake, zinagwetsa pafupifupi nyumba zonse. Mwa zochepa zimene zinatsala chiimire pali tchalitchi cha Dionysios woyera, nkhoswe ya chilumbachi. Kumeneku n'kwawonso kwa mlakatuli Dionysios Solomos, amene ndakatulo yake inasanduka nyimbo ya fuko la Greece. Makolo a anthu a pachilumbachi ankadalira maolivi ndi mphesa zouma. Lero chodyetsa mabanja ndi mlendo.

Ndipo alendowo si ochepa. Mu 2023, Greece, dziko la anthu 10.4 miliyoni, inalandira alendo oposa 32 miliyoni, amene anasiya ndalama zoposa ma euro 20 biliyoni. Mu 2025 magazini ya ku Britain yotchedwa Which? inaika Zakynthos pamwamba pa malo onse a ku Ulaya othithikana ndi alendo, itayerekeza kuchuluka kwa masiku amene alendo amagona pamalopo ndi chiwerengero cha eni mudzi. Gawo lalikulu la khamu limeneli limathera kum'mwera kwa chilumbachi, kumene nyanja inalowerera kumtunda n'kupanga gombe lalikulu lokhota lotchedwa Laganas. Kumeneko kuli msewu wa mabala ndi madisiko umene achinyamata a ku Britain amaudziwa ngakhale asanaupondepo. Nyimbo zimaphulika mpaka mbandakucha.

Kumadzi kwa gombe lomwelo kumabweranso alendo ena, amene anayamba kufika kalekale anthu asanamange ngakhale khumbi. Awa ndi akamba a m'nyanja a mtundu wa Caretta caretta, a mitu ikuluikulu, olemera ngati thumba ndi theka la chimanga kapena kuposa apo. Moyo wawo wonse amakhala m'madzi, koma wamkazi akafuna kuikira mazira amayenera kutulukira pamchenga, ndipo amabwerera kudera lomwelo kumene iye anaswedwa zaka makumi awiri kapena kuposa zapitazo. Ku Laganas amaikira pa magombe 6 okha: Gerakas, Dafni, Sekania, Kalamaki, East Laganas ndi kachilumba ka Marathonisi. Onse pamodzi kutalika kwake ndi makilomita 5.5 basi, koma kwa zaka zambiri pakhala pakupezeka zisa zoposa 1,000 chaka chilichonse. Tsoka lake n'lakuti miyezi imene kamba amaikira, kuyambira kumapeto kwa May mpaka August, ndi yomweyonso imene mahotela amadzaza.

Asayansi sankadziwa za malowa mpaka 1977, pamene Dimitris Margaritoulis ndi banja lake, atamanga hema pagombe lina pa tchuthi, anaona mapazi achilendo pamchenga n'kuyamba kuwalondola. Chidwi chimenecho ndicho chinabala bungwe la ARCHELON mu 1983. Boma linachita kukokedwa. Paki yoteteza nyanja ya Zakynthos inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo mu January 2002 khoti la European Union linapeza Greece yolakwa chifukwa cholephera kuteteza akambawa mokwanira. Malamulo alipo tsopano: dzuwa likalowa munthu saloledwa pa magombe oikirako mpaka m'mawa, mbali ina ya nyanjayi maboti sapitako n'komwe, kwina amayenda pang'onopang'ono, ndege nazo sizitera kapena kunyamuka pakati pa usiku m'nyengo imeneyi. Koma lamulo silidzilondera lokha. Amene amayenda pamchenga tsiku ndi tsiku, kuwerenga ndi kulemba, ambiri ndi ophunzira ochokera kunja.

Ntchito ya mbandakucha

Wobwera ku ARCHELON amayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo amalonjeza kukhala masabata osachepera anayi. Amagona m'hema pamsasa, amaphika mosinthana, amachapa pamanja. Ambiri ndi ophunzira za nyama ndi zachilengedwe amene sukulu zawo zimawerengera nthawiyi ngati gawo la maphunziro, koma pamakhalanso ena a zamalamulo kapena zauphunzitsi amene angofuna kuona dziko. Chingerezi ndicho chimalumikiza onse, ngakhale pamsasa pamamveka Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi.

Kukangoyamba kuyera, kagulu ka anthu awiri kapena atatu kamakhala kali kale pagombe, chifukwa mapazi a kamba amafunika kuonedwa anthu asanawaponde. Amaoneka ngati padutsa tayala la thirakitala, mzere umodzi wotuluka m'madzi, wina wobwerera. Apa ndi pamene pali luso. Si kamba aliyense wotuluka amene amaikira. Wina amakumba pang'ono, n'kupeza mchenga wouma kwambiri kapena mwala, kapena kudzidzimuka ndi kuwala, n'kubwerera ndi mazira ake m'mimba. Wophunzira amayenera kuwerenga mchengawo: kumene nyamayo inatembenukira, mulu umene inakankha ndi zipsepse zake pokwirira, ndi mbali imene dzenje lenileni lingakhale, pakuti kamba amamwaza mchenga dala kuti asokoneze adani. Sabata yoyamba munthu amangoona mchenga wofukulidwafukulidwa. Pofika sabata yachitatu, maso amakhala atatseguka.

Chisa chikapezeka amachiyeza kutalika kwake kuchokera kumadzi ndi kuzizindikiro za kumtunda, n'kuchilemba m'buku. Mazira amakhala pansi pafupifupi theka la mita, okwana 100 kapena kuposerapo, ozungulira, a chikamba chofewa. Ngati chili pamalo podutsadutsa anthu, amaikapo kakhola ndi chikwangwani. Ngati chili pafupi kwambiri ndi madzi moti mafunde angachimize, odziwa ntchito amasamutsa mazirawo limodzilimodzi, osawatembenuza, chifukwa kamwana kakayamba kuumbika mkati, kugwedeza pang'ono kumakapha. Zonsezi zimachitika dzuwa likukwera, thukuta lili kamukamu, ndipo pofika 9 koloko obwereketsa mipando ndi maambulera amakhala akufuna malo awo.

Usiku kuli ntchito ina, imene aliyense amailakalaka. Magulu ochepa amayenda mumdima ndi tochi yofiira yokha, kudikira kamba wotuluka. Samuyandikira mpaka atayamba kuikira, pakuti nthawi imeneyo sasamalanso za chilichonse. Akamaliza amamuyeza chigoba ndi kumuika kachitsulo ka nambala pachipsepse. Chifukwa cha manambala amenewa tikudziwa kuti wamkazi mmodzi amaikira maulendo angapo m'chilimwe chimodzi, motalikirana pafupifupi masabata awiri, kenako n'kupuma zaka ziwiri kapena zitatu. Tikudziwanso kuti ambiri mwa akamba a ku Zakynthos amakadya kutali, ku nyanja ya Adriatic ndi ku gombe la Gabès ku Tunisia.

Patapita masiku pafupifupi 55, kuyambira kumapeto kwa July, tiana timayamba kutuluka. Timatuluka usiku mchenga ukazizira, n'kuthamangira kumene kukuwala kwambiri, komwe mwachibadwa kumayenera kukhala kunyanja. Koma kumbuyo kwa gombe kukakhala magetsi a bala kapena a hotela, timalowera kumtunda, n'kukafa ndi dzuwa m'mawa kapena kudyedwa ndi mbalame. Ndiye wophunzira amasanduka mmisiri wa mipanda, kutchinga zisa kuti kuwala kusafike. Amasandukanso wapolisi wopanda yunifolomu, kuchonderera mlendo wachifundo kuti asanyamule kamwanako kukakaika m'madzi, poti ulendo wapamchengawo ndi umene umakalimbitsa. Akatswiri amayerekeza kuti mwa tiana 1,000, kamodzi kokha ndiko kamafika pa msinkhu woikira. Masiku angapo chisa chitatha kuswa, amachifukula n'kuwerenga zikamba zopanda kanthu, mazira osukusa ndi tiana tofera m'dzenje. Fungo lake palibe amene amalijambula n'kuika pa Instagram.

Chodabwitsa ambiri n'chakuti gawo lalikulu la atachimenti imeneyi si la kamba ayi, ndi la anthu. Masana amaima pa kakanyumba kofalitsira uthenga, madzulo amakalankhula m'mahotela, ena amakwera maboti oonetsa alendo akamba kuti akaone ngati oyendetsa akutsata malamulo. Amabwereza mawu omwewo maulendo osawerengeka: musazike ambulera kumtunda kwa mchenga chifukwa ingabowole chisa, kwirirani maenje amene ana akumba, musasiye mapepala apulasitiki, pakuti kamba amawayesa chakudya. Wobwera ndi maloto okhala katswiri wa sayansi amabwerera ataphunzira kumwetulira munthu woledzera amene akumutukwana. Ine ndimaona ngati phunziro limeneli ndi lamtengo kuposa linalo, ngakhale silimalembedwa pa satifiketi.

Ndani amalipira?

Ntchito yonseyi n'njopanda malipiro. Kunena zoona, wophunzira ndiye amalipira: ndalama yolowera, ulendo wake, inshuwalansi ndi chakudya. Mwana wa ku Germany kapena ku Netherlands zimamupepukira, chifukwa safuna viza, ndege zotchipa zimatera pachilumba pomwepo, ndipo akhoza kupempha thandizo ku Erasmus+, ndondomeko ya European Union imene inayamba mu 1987 ndi dzina la Erasmus ndipo imathandiza ophunzira kukachita atachimenti kunja kwa miyezi iwiri mpaka 12. M'zaka za 2021 mpaka 2027 ndondomekoyi inapatsidwa ma euro oposa 26 biliyoni. Mwana wa ku Lilongwe kapena ku Chipata, ngakhale akhale wanzeru chotani, amayamba ndi viza ya Schengen ya ma euro 90, yomwe imaloleza masiku osapitirira 90, n'kusonyeza umboni wakuti ali ndi ndalama kubanki, asanaganize n'komwe za tikiti yodutsira ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg. Mabungwe osamalira zachilengedwe sachitira dala. Alibe ndalama zolipira antchito onse amene amafunika. Komabe zotsatira zake n'zoonekeratu: amene adzalembedwe ntchito mawa chifukwa chakuti ali ndi luso la pamchenga, ndi amene makolo awo anatha kuwalipirira chilimwe chaulere.

Kutsidya kwa mpanda kuli ophunzira ena amene nkhani yawo ndi yosiyana. Awa ndi a sukulu zophunzitsa za mahotela ndi kuphika, ochokera ku Greece komweko, ku Poland, ku Romania ndi kwina, amene amabwera kudzagwira ntchito ya nyengo ya alendo, imene Agiriki amangoti sezon. Iwowa amapatsidwa pogona, chakudya ndi kangachepe. Mahotela amawafuna kwambiri, chifukwa antchito akusowa. Mavuto a zachuma amene anayamba mu 2009 anathamangitsa Agiriki pafupifupi theka la miliyoni kupita kunja, ambiri mwa iwo achinyamata ophunzira. Mu 2013 achinyamata oposa theka analibe ntchito. Kenako kunabwera mliri wa Covid-19, ndipo mawetala ndi ophika ambiri amene anapeza zochita zina sanabwererenso. Chaka chilichonse chilimwe chikamayandikira, eni mahotela amadandaula kuti malo a ntchito masauzande ambirimbiri ali opanda anthu.

Zifukwa zake n'zosabisika. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Greece anali ma euro 830 pamwezi mu 2024, n'kukwera kufika pa 880 mu 2025, pamene lendi pa zilumba zotchuka imakwera chifukwa eni nyumba amakonda kubwereketsa kwa alendo kudzera pa Airbnb. Ku Mykonos ndi ku Santorini nyuzipepala zakhala zikuonetsa antchito atapanikizana m'makontena. Mu July 2023 kanema wina anazungulira dziko lonse: wetala ku Rhodes akuyenda m'madzi ofika pachifuwa, thireyi ili m'mwamba, kukapereka zakumwa kwa alendo ogona pamipando yomangidwa m'nyanja. Mwezi womwewo moto wolusa unachititsa kuti anthu pafupifupi 19,000 asamutsidwe pachilumba cha Rhodes, ndipo ku Athens akuluakulu ankatseka malo a mabwinja akale a Acropolis masana chifukwa cha kutentha. M'malo otere, wophunzira wa atachimenti amasanduka mosavuta wantchito wotchipa. Wolonjezedwa kuti adzazungulira madipatimenti onse atha kupezeka kuti miyezi itatu yathera pa sinki. Ena zimawayendera bwino ndithu, ndipo amabwerera akudziwa kuyendetsa malo odyera a anthu 300. Kusiyana kwake nthawi zambiri kumagona pa pepala limene sukulu, hotela ndi wophunzira anasainirana asananyamuke: maola angati, tsiku lopuma ndi liti, womuphunzitsa ndani.

Eni mudzi

Pali chinthu chimodzi chimene wophunzira wakunja amachedwa kuchimvetsa. Kwa iye kamba ndi nyama yofunika kupulumutsidwa, basi. Kwa banja la ku Vasilikos, pafupi ndi magombewa, limene lili ndi munda woyang'ana kunyanja, kamba ndi chifukwa chimene iwo analetsedwera kumanga, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, pamene anzawo a mtunda wotsatira analemera ndi mahotela. Ambiri amati chipukuta misozi chimene ankayembekezera sichinabwere. Ku Dafni mkangano wa malo odyera omangidwa popanda chilolezo wakhala ukupitirira kwa zaka makumi angapo. Ku Sekania, gombe limene lili ndi zisa zothithikana kuposa onse, zinthu zinayenda mwanjira ina: mu 1994 bungwe la WWF Greece linagula malo a kumtunda kwake, ndipo mpaka lero kumafika ofufuza okha. Ndiye taganizirani mtsikana wa zaka 20 wochokera ku Manchester akuuza bambo wa imvi, amene agogo ake anadzala maolivi a paphiripo, kuti asunthe mipando yake. Bamboyo amadziwa kuti mlendo ndi mame: September akatha mtsikanayo adzakhala atapita, iye adzatsala ndi ngongole yake ya kubanki ndi miyezi isanu ndi umodzi yopanda malonda.

Boma nalo si loti lingadzitame. Mu 2014 khoti la European Union linaligamulanso kuti ndi lolakwa, ulendo uno chifukwa cha dzala la zinyalala limene linali m'kati mwa paki momwemo, lodzaza mosefukira, loitana mbalame zimene zimatola tiana ta kamba. Komanso palibe amene angakane kuti nyamayi yasanduka malonda. Chithunzi chake chili pa malaya, pa makapu, pa zikwangwani za maboti. Kamba mmodzi akatulutsa mutu kuti apume, maboti angapo amamuzungulira, alendo mafoni ali m'mwamba. Eni maboti ena amamvera malangizo, ndipo ena mwa iwo ndi amene amayamba kuimba foni akaona kamba wovulala, yemwe amatumizidwa ku chipatala cha akamba cha ARCHELON ku Glyfada, pafupi ndi Athens.

Ophunzira amene amapindula kwambiri ndi amene amatuluka pamsasa. Amaphunzira kupereka moni wa kalimera asanayambe kulankhula za malamulo, amalandira khofi akapatsidwa, amapita kutauni pa 24 August pamene thupi la Dionysios woyera limayendetsedwa m'misewu, mabandi akuimba, chilumba chonse chitavala zapaphwando. Amamva nyimbo za kantades, zoimbidwa ndi amuna ndi magitala ndi mandolini, zotsalira za zaka mazana atatu zimene chilumbachi chinali pansi pa Venice. Akatero amazindikira kuti anthu a kumeneku sadana ndi kamba. Chimene amadana nacho n'kulamulidwa ndi akuluakulu a boma ku Athens ndi a European Union ku Brussels amene sanafunse maganizo awo. Aliyense amene anamvapo madandaulo a asodzi a ku Chembe okhudza malire a paki ya Nyanja ya Malawi sangadabwe nazo.

Kodi thukuta lonseli limaphula kanthu? Manambala akuti inde. Mu 2015 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linachotsa akamba a mtunduwu a m'nyanja ya Mediterranean m'gulu la zoopsezedwa, koma linachenjeza kuti izi zikudalira kuti ntchito yowateteza isalekeke. Ku gombe la Kyparissia, m'dera la Peloponnese ku Greece komweko, kumene mavolontiya akhala akutchinga zisa kuti nkhandwe ndi agalu asafukule, zisa zawonjezeka mpaka kuposa za ku Zakynthos. Popeza kamba amatenga zaka zambiri kuti akule, amene akuikira lero ndi tiana timene tinatetezedwa ndi ophunzira a m'ma 1990, omwe pano ndi makolo a ana akuluakulu.

Vuto limene likubwera ndi loti kakhola sikangalithetse. Kamba alibe chomuuza m'magazi kuti akhale wamwamuna kapena wamkazi. Chimagamula ndi kutentha kwa mchenga. Chisa chikatentha kupitirira madigiri 29 mumatuluka akazi ambiri, chikazizirirapo mumatuluka amuna. Pamene chilimwe cha ku Mediterranean chikunka chitenthera, magombe ambiri akutulutsa akazi ochuluka kwambiri kuposa amuna. N'chifukwa chake masiku ano ofufuza amakwirira timakina toyeza kutentha m'zisa zina. Ku Laganas anapeza kuti gombe la Marathonisi, laling'ono kwambiri pa onse 6, lili ndi mchenga woyererako ndi wozizirirako, moti limatulutsa akamba aamuna ochuluka poyerekeza ndi kuchepa kwake. Ndi gombe lomwelonso kumene maboti a alendo amakocheza m'mawa uliwonse m'chilimwe, ndipo ophunzira amayenera kufikako maboti asanafike.